Phungu wopanda dera lakelake: ntchito ya a Murdo Fraser ku Nyumba ya Malamulo ya Scotland

Pa zisankho zisanu ndi chimodzi za Nyumba ya Malamulo ya Scotland, kuyambira 1999 mpaka 2021, a Murdo Fraser a chipani cha Conservative ankaima m'dera lomwe poyamba linkatchedwa North Tayside, kenaka Perthshire North. Ulendo uliwonse ankagonja kwa munthu mmodzimodziyo, a John Swinney a chipani cha Scottish National Party (SNP), chomwe chimafuna kuti Scotland ichoke mu United Kingdom n'kudzilamulira yokha. Komabe a Fraser analowa m'nyumbayi mu 2001, ndipo anabwereranso mu 2003, 2007, 2011, 2016 ndi 2021. Kwathu ku Malawi, amene wagonja m'dera amabwerera kunyumba kukadikira zaka zisanu, choncho nkhaniyi ikhoza kumveka ngati chinyengo. Chinyengo palibe. Ndi momwe malamulo a chisankho a dzikolo anapangidwira, ndipo kuti timvetse ntchito ya munthuyu tiyenera kuyambira pamenepo.

Nyumba ya Malamulo ya Scotland, yomwe ili ku Edinburgh ndipo anthu amangoitchula kuti Holyrood, ili ndi aphungu 129. Mwa iwo, 73 amasankhidwa m'madera monga timachitira ife: amene wapeza mavoti ambiri watenga mpando. Otsala 56 amachokera m'zigawo zisanu ndi zitatu, chigawo chilichonse aphungu 7. Wovota amalandira mapepala awiri. Loyamba amachongera munthu wa m'dera lake, lachiwiri amachongera chipani. Chipani chilichonse chimakhala chitapereka kale mndandanda wa maina m'chigawocho, woyamba mpaka womaliza.

Kuwerengera kwa pepala lachiwiri ndi kumene kumasokoneza anthu ambiri. Mavoti onse a chipani m'chigawo amagawidwa ndi chiwerengero cha mipando yomwe chipanicho chatenga kale m'chigawomo, kuonjezerapo umodzi. Chipani chomwe chatsala ndi nambala yaikulu chimatenga mpando woyamba, kenaka amawerengeranso, mpaka mipando 7 itatha. Tiyerekeze kuti chipani china chapeza mavoti 135,000 koma chapambana kale madera 8. Mavoti ake agawidwa ndi 9, chitsala ndi 15,000. China chapeza 84,000 koma chilibe dera ngakhale limodzi. Chimayamba ndi 84,000 yonse n'kutenga mpando, kenaka chimatsika pa 42,000, kenaka 28,000, kenaka 21,000, ndipo pa manambala onsewa chikadali pamwamba pa 15,000 uja. Chipani chogonja m'madera chikhoza kutuluka ndi mipando inayi, pamene chopambana sichipeza wina woonjezera.

Izi n'zomwe zinachitika mu 2021 m'chigawo cha a Fraser cha Mid Scotland and Fife, chomwe chimatenga Perth, Stirling, Dunfermline, Kirkcaldy ndi St Andrews. Pa madera 9, SNP inatenga 8 ndipo Liberal Democrats inatenga limodzi. Pa mipando ya chigawo, Conservative inapeza 4, Labour 2, Greens umodzi, SNP osapeza kanthu. Dzina la a Fraser linali pamwamba pa mndandanda wa chipani chawo. Munthu amene ali pamalo oyamba kapena achiwiri pa mndandanda wa chipani chachikulu amakhala wotetezeka kwambiri, ndipo mpikisano wake weniweni umachitikira mkati mwa chipani, pamene mamembala akusanja maina. Apa pali chodandaulitsa chenicheni. Wovota wamba amene watopa ndi phungu wotere alibe njira yomuchotsera popanda kulanga chipani chonse. Ku Wales nkhaniyi inafika poti mu 2006 analetsa munthu kuima m'dera ndi pa mndandanda nthawi imodzi, ngakhale lamulolo linasinthidwanso mu 2014. Scotland sinaletsepo.

Mndandanda womwewo ndi umene umatseka mpata phungu wa chigawo akasiya ntchito. Sipachitika chisankho chapadera, amangoitana wotsatira pa mndandanda. A Nick Johnston atatula pansi udindo mu 2001, wotsatira anali a Fraser, loya wobadwira ku Inverness mu 1965, amene anaphunzira zamalamulo ku yunivesite ya Aberdeen ndipo anatsogolerapo achinyamata a chipanichi.

Malipiro ndi mphamvu ya voti m'nyumba n'zofanana kwa aphungu onse, koma malamulo a khalidwe amasiyanitsa. Phungu wa chigawo saloledwa kudzitcha phungu wa dera limodzi, ndipo amayenera kuonetsa kuti akugwira ntchito m'madera oposa awiri a chigawo chake. Kwa nzika, phindu lake n'lakuti aliyense ali ndi aphungu 8 oti angawadandaulire, mmodzi wa dera ndi 7 a chigawo. Mlimi wa ku Perthshire amene sagwirizana ndi SNP ali ndi khomo lina logogoda.

Chipani chomwe chinapulumuka ndi dongosolo lomwe chinkakana

Pa chisankho cha dziko lonse la Britain mu 1997, Conservative sinapeze mpando ngakhale umodzi ku Scotland. Chaka chomwecho, pa 11 Seputembala, anthu oposa 74 pa 100 alionse anavomereza pa riferendamu kuti Scotland ikhale ndi nyumba yakeyake ya malamulo, chipanichi chikutsutsa. Pa chisankho choyamba mu 1999 sichinapambanenso dera lililonse, koma chinapeza aphungu 18, onse kudzera m'zigawo. Popanda pepala lachiwiri lija, anthu zikwi mazanamazana amene amavotera chipanichi akanakhala opanda mawu ku Holyrood.

Kugwa kumeneku kunali ndi mbiri yake. Mpaka 1965, anthu a maganizo awa ku Scotland anali ndi chipani chawochawo, Unionist Party, chomwe chinkangogwirizana ndi Conservative ku London. Mu 1955 iwo ndi anzawo ogwirizana nawo anapeza theka la mavoti onse a ku Scotland. Ataphatikizana ndi chipani cha ku England, anthu anayamba kuwaona ngati nthambi ya London, ndipo zaka za Margaret Thatcher, nduna yaikulu ya Britain yochokera ku Conservative, zinakulitsa chilondacho: migodi ndi mafakitale zinatsekedwa, ndipo msonkho wa pamutu unayamba ku Scotland mu 1989, chaka chimodzi England isanayambe kuulipira.

A Fraser anakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa chipani, mayi Annabel Goldie, kuyambira 2005 mpaka 2011. Aphungu a chipanichi anali 18 mu 2003, n'kutsika kufika 17 mu 2007, kenaka 15 mu 2011, chaka chomwe SNP inapeza mipando 69 n'kulamulira yokha. Mayi Goldie atalengeza zosiya utsogoleri, a Fraser anaima ndi ganizo lomwe linagwedeza chipani chonse: akapambana, achithetsa chipanicho ku Scotland n'kukhazikitsa china chatsopano, cha dzina lina ndi utsogoleri wakewake, chomwe chizigwirizana ndi Conservative ku London pa nkhani za dziko lonse. Chitsanzo chomwe anthu ankachitchula chinali cha ku Germany, kumene CSU ya ku Bavaria ndi CDU ndi zipani ziwiri zoyenda limodzi. Mfundo yawo inali yakuti ku Scotland kuli anthu ambiri okonda misonkho yotsika, malonda omasuka ndi umodzi wa United Kingdom, koma dzina la chipani ndi lomwe limawathamangitsa.

Aphungu anzawo ambiri ku Holyrood anawatsatira, koma mamembala wamba anakana. Pa 4 Novembala 2011 mayi Ruth Davidson anapambana ndi mavoti 2,983, a Fraser 2,417. Zomwe zinatsatira zinaoneka ngati zikutsutsa a Fraser, chifukwa mu 2016 chipani chomwecho, ndi dzina lomwelo, chinapeza mipando 31 n'kukhala chachiwiri m'nyumba. Koma tikayang'anitsitsa, chomwe chinakweza chipanichi chinali riferendamu ya 2014 yofuna ufulu wodzilamulira, imene inagawa dziko pawiri. Anthu okana kuchoka mu United Kingdom anafuna chipani cholimba pa nkhaniyi, ndipo ambiri anangobwereketsa voti yawo. Funso la a Fraser, loti kodi anthuwa akukonda chipanichi kapena akungoopa SNP, linangokwiriridwa osayankhidwa.

Msonkho: pamene pali mtima wa ntchito yawo

Chomwe chimasiyanitsa a Fraser ndi anzawo ambiri a nthawi imeneyo n'chakuti ankafuna kuti Holyrood ipatsidwe mphamvu zochuluka, makamaka pa msonkho. Mu 2014 anayankhulanso poyera mokomera ulamuliro wa fedulo mu United Kingdom. Maganizo ake ndi osavuta kumva. M'zaka zoyambirira, pafupifupi ndalama zonse za boma la Scotland zinkachokera ku London ngati thumba limodzi, lowerengeredwa ndi njira yotchedwa Barnett. Nyumba yomwe imangogawa ndalama koma sitolera imakhala ndi ndale za mtundu umodzi: aliyense amalonjeza zaulere, ndipo zikasowa amaloza chala London. Chipani chomwe uthenga wake waukulu ndi kutsitsa msonkho chilibe choyankhula m'nyumba yotere. Kwa a Fraser, wogwiritsa ntchito ndalama ayenera kukhalanso woitolera, kuti wovota adziwe woti amufunse.

Mphamvuzo zinabwera pang'onopang'ono, kudzera m'malamulo a 2012 ndi 2016. Kuyambira Epulo 2017, Holyrood imaika yokha milingo ya msonkho wa pa malipiro ndi malire ake. Zina zinatsala ku London: ndalama yoyamba yosadulidwa msonkho, yomwe yakhala mapaundi 12,570 pa chaka kuyambira 2021, msonkho wa pa chiwongoladzanja cha ndalama zosunga ndi pa phindu la masheya, komanso National Insurance, ndalama ya inshulansi ya boma yodulidwa pa malipiro. Mu 2016 a Fraser anakhala mneneri wa chipani chawo pa zachuma, moyang'anizana ndi nduna Derek Mackay, pa nthawi yeniyeni imene mphamvuzi zinkayamba kugwiritsidwa ntchito.

Boma la SNP linazigwiritsa ntchito mosiyana ndi zomwe iwo ankalakalaka. Mu 2018 linakhazikitsa milingo isanu, 19, 20, 21, 41 ndi 46 pa 100. Pofika chaka cha msonkho cha 2024 mpaka 2025 inali isanu ndi umodzi: 19, 20, 21, 42, 45 ndi 48. Ku England inali itatu yokha, 20, 40 ndi 45. Kusiyana kwakukulu kunali pa malire. Ku Scotland mlingo wa 42 unkayambira pa mapaundi 43,663, pamene ku England mlingo wa 40 unkayambira munthu akadutsa 50,270. Vuto lomwe a Fraser ndi anzawo akhala akulibwereza lili pakati pa manambala awiriwa. National Insurance imatsata malire a London, choncho wogwira ntchito ku Scotland amene malipiro ake ali pakatipa ankalipira 42 ya msonkho ndi 8 ya inshulansiyo. Pa paundi iliyonse yoonjezera, theka linkapita ku boma. Anthu ake si mabwana a makampani okha, mulinso aphunzitsi akuluakulu, anamwino okwezedwa paudindo ndi apolisi. Wolandira mapaundi 50,000 ankalipira pafupifupi 1,500 kuposa mnzake wa ku England.

Pali mbali ina yovuta yomwe anthu ambiri saiona. London itapereka mphamvu ya msonkho, inachotsa ndalama yofanana pa thumba lija. Ndalama yochotsedwayo imakula chaka ndi chaka molingana ndi momwe msonkho wa munthu mmodzi ukukulira ku England ndi Northern Ireland. Malipiro a ku Scotland akamakwera pang'onopang'ono kuposa a kumwera, gawo lina la msonkho wokwerawo limangokwirira dzenje limeneli m'malo mogula mankhwala kapena kumanga sukulu. N'chifukwa chake a Fraser amabwerera nthawi zonse ku kukula kwa chuma, ndipo amatsamira pa malipoti a Scottish Fiscal Commission, bungwe loima palokha lomwe limalosera ndalama za boma ndipo limawerengeranso kuti olemera ena amasintha makhalidwe msonkho ukakwera, monga kuchepetsa maola kapena kusandutsa malipiro kukhala phindu la kampani. Mfundo imeneyi ndi yolimba, ndipo ngakhale otsutsana nawo amaivomereza.

Mbali ya boma nayo ili ndi yankho lomwe silingakankhidwire pambali. Olandira zochepa amalipira msonkho wotsikirapo pang'ono kuposa ku England. Ophunzira a ku Scotland salipira fizi ku mayunivesite a m'dzikomo, mankhwala olembedwa ndi dokotala akhala aulere kuyambira 2011, ndipo mabanja osauka amalandira Scottish Child Payment, yomwe mu Epulo 2024 inafika mapaundi 26.70 pa mwana aliyense pa sabata. Amene akufuna kutsitsa msonkho ayenera kunena chomwe achotse pa zimenezi, ndipo apa ndi pamene chipani cha a Fraser chimavutika kuyankha momveka.

Zomwe phungu wotsutsa angakwanitse

Conservative sinalowepo m'boma ku Holyrood, choncho a Fraser sanakhalepo nduna. Nthawi imene chipanichi chinali ndi mphamvu zenizeni inali 2007 mpaka 2011, pamene SNP inkalamulira ndi aphungu 47 okha pa 129 ndipo bajeti iliyonse inkafunika mavoti a ena. Conservative inkathandiza kudutsitsa bajeti posinthana ndi zinthu zooneka: apolisi 1,000 oonjezera, kufulumizitsa kuchotsera msonkho wa malo a mabizinesi ang'onoang'ono, ndi thumba la mapaundi 60 miliyoni lokonzera matauni mu 2009. Nduna ya zachuma yomwe ankakambirana nayo inali a Swinney omwe aja.

Njira ina ndi makomiti. Holyrood ilibe nyumba yachiwiri, kotero ntchito younika mabilu ndi kufunsa nduna imagwera makomiti. Kuyambira 2011 mpaka 2016 a Fraser anali wapampando wa komiti ya zachuma, mphamvu zamagetsi ndi zokopa alendo. Komitiyi ndi yomwe inafufuza ngati zolinga za boma pa magetsi a mphepo zinali zotheka, ndipo mu Epulo 2012 inamva umboni wa Donald Trump, amene panthawiyo anali wamalonda wokwiya ndi makina a mphepo omwe ankafuna kumangidwa m'nyanja pafupi ndi bwalo lake la gofu ku Aberdeenshire. Atafunsidwa umboni woti makinawo aononga ntchito zokopa alendo, anayankha kuti umboniwo ndi iye mwini.

Nkhani yomwe anthu a m'chigawo chawo amawadziwa nayo kwambiri ndi msewu wa A9 pakati pa Perth ndi Inverness. Msewuwu umasinthasintha, pena njira ziwiri mbali iliyonse, pena njira imodzi yokumanizana. Dalaivala amene watsekeredwa kumbuyo kwa lole kwa nthawi yaitali amayesa kupitirira pamalo olakwika, ndipo mlendo wozolowera kuyenda kumanja amasokonezeka pa mphambano. A Fraser akhala akulimbikira kwa zaka zambiri kuti msewu wonse ukhale wa njira ziwiri mbali iliyonse. Mu 2011 boma linalonjeza kumaliza pofika 2025 makilomita pafupifupi 130 otsala, ogawidwa m'zigawo 11. Pofika 2021 zinali zitatha ziwiri zokha, cha Kincraig mpaka Dalraddy ndi cha Luncarty mpaka Pass of Birnam. Mu 2022 anthu 13 anafa pa msewuwu. Mu Febuluwale 2023 boma linavomereza kuti 2025 ndi yosatheka, ndipo mu Disembala chaka chomwecho linatchula 2035. Phungu wotsutsa sangamange msewu, koma angathe kusalola kuti lonjezo liiwalike, ndipo pa A9 ntchito imeneyi anaigwira pamodzi ndi aphungu ena, kuphatikizapo a Fergus Ewing amene panthawiyo anali a SNP.

Phungu wamba angathenso kubweretsa bilu yakeyake, koma njira yake ndi yaitali. Amayamba ndi ganizo lolembedwa, n'kufunsa maganizo a anthu kwa masabata osachepera 12. Kenaka amapereka ganizo lomaliza, lomwe pa mwezi umodzi liyenera kusainidwa ndi aphungu ena osachepera 18 ochokera ku theka la zipani zomwe zili mu komiti yokonza ntchito za nyumba. Boma likanena kuti libweretsa lokha lamulo lofanana, ganizolo limaima pomwepo. Likadutsa, biluyo imalembedwa n'kuyenda magawo atatu: mfundo zake zikuluzikulu, zosintha mu komiti, ndi voti yomaliza ya nyumba yonse. Ambiri amagwa chifukwa cha nthawi, popeza bilu yomwe sinathe nyumba ikamatsekedwa imafa.

Mu 2022 a Fraser anayamba njirayi ndi nkhani ya anthu otaya zinyalala mozemba m'minda ndi m'mbali mwa misewu. Cholakwika chachikulu chinali chakuti mlimi amene wadzuka n'kupeza matayala, matiresi kapena zigumuka za nyumba m'munda mwake ndi amene ankalipira zochotsa, ngakhale iye ndiye wolakwiridwa. Anafuna zinthu zinayi: kusonkhanitsa bwino chiwerengero cha milanduyi, kuchotsa mtolo pa mwini malo, kuika udindo pa mwini zinyalala amene anapatsa ntchito wonyamula wopanda chiphaso, ndi kukweza chindapusa. Chindapusa cha pompopompo chinakwera kuchoka pa mapaundi 200 kufika 500 mu Januwale 2024, ndipo nkhaniyi inalowa m'lamulo la boma lokhudza zinyalala lomwe linavomerezedwa mu Juni 2024, iwo ataperekako zosintha. Kawirikawiri ndi momwe ganizo la phungu wotsutsa limafikira m'buku la malamulo, litavala dzina la boma.

Pa nkhani za chikhalidwe a Fraser ali kumbali yosunga mwambo. Anali mmodzi mwa aphungu 18 omwe anakana lamulo la ukwati wa amuna kapena akazi okhaokha mu 2014, pamene 105 anavomereza. Mu Malichi 2024 anaulula kuti apolisi a ku Scotland anawalemba m'kaundula wa zochitika za chidani zomwe si mlandu, chifukwa cha mawu omwe analemba pa intaneti onyoza zoti munthu angadzitche kuti si mwamuna kapena mkazi. Mawuwo anapweteka anthu ambiri, ndipo n'zomveka. Koma funso lomwe anadzutsa ndi loyenera kuyankhidwa ndi aliyense: kodi apolisi angasunge dzina la nzika pa mawu omwe iwo eni avomereza kuti si mlandu, mwini wake osauzidwa? Izi zinatuluka patangotsala masiku ochepa kuti lamulo latsopano la milandu ya chidani liyambe kugwira ntchito pa 1 Epulo 2024.

Chaka chomwecho a Douglas Ross anasiya utsogoleri wa chipani, ndipo a Fraser anaimanso, patapita zaka 13 chigonjereni kwa mayi Davidson. Ulendo uno sanatsogoze zothetsa chipani. Anadandaula kwambiri kuti chikuyendetsedwa ndi kagulu kochepa kosamvera mamembala, ndipo aphungu atatu omwe ankafunanso mpandowo, a Jamie Greene, a Liam Kerr ndi a Brian Whittle, anasiya n'kuwathandiza. Zotsatira zinalengezedwa pa 27 Seputembala 2024: a Russell Findlay 2,565, a Fraser 1,187, mayi Meghan Gallacher 403. Onse ovota anali 4,155, pamene mu 2011 anali oposa 5,600.